Mwini Nyumba Akapanda Kuteteza Dipoziti

Munthu aliyense amene anatsikapo ndege ku Heathrow kapena ku Manchester, kudzagwira ntchito ya unamwino, kudzasamalira okalamba, kapena kudzachita maphunziro apamwamba, adziwa bwino kuti asanalandire ngakhale khobidi limodzi la malipiro ake m'dziko lachilendolo, pali dzanja limene liyamba kutambasukira kwa iye, ndilo dzanja la mwini nyumba. Ndipo dzanjalo silifuna lendi ya mwezi woyamba yokha ayi, lifunanso ndalama ina yapadera, imene onse aitcha dipoziti, yoti ikhale chikole ngati wolowa m'nyumbayo adzaswa zenera, adzawotcha kapeti, kapena adzachoka usiku atasiya ngongole. Nthawi zambiri ndalama imeneyi ichokera kutali: mwina anakongola kwa mlongo wake, mwina anagulitsa puloti, mwina abale anasonkherana kuti mwana wawo akafike bwino. Kwathu kuno, ku Ndirande kapena ku Area 25, tinazolowera kumva a landilodi akuti, "Mupereke ya miyezi itatu," ndipo ndalamayo ikalowa m'thumba mwawo nkhani yatha, pakuti ndi lendi yolipiriratu.

Dipoziti ya ku England si yotero, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yathu yonse. Ndalama imeneyi, ingakhale yachoka m'dzanja la wochita lendi, sisanduka ya mwini nyumba. Ikhalabe ya iye amene anaikhetsera thukuta, kufikira tsiku limene mwini nyumba adzaonetsa ndi umboni kuti pali chimene chinaonongeka kapena lendi imene sinalipidwe. Mwini nyumba ali wosunga chabe. Ndipo popeza mtima wa munthu suchedwa kuiwala kuti chimene chili m'manja mwake n'cha wina, Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster inaika lamulo lakuti ndalamayo itetezedwe ndi bungwe loima palokha, ndi kuti mwini nyumba wonyozera lamulolo alipe chipukuta misozi kwa amene anamulakwira. Abale athu ambiri okhala kumeneko ataya ndalama zawo osadziwa kuti lamuloli lilipo. Ena alidziwa koma aliopa. Ndipo n'chifukwa cha magulu awiriwa kuti ndayesa n'koyenera kuifotokoza nkhaniyi mofatsa.

Chisanafike chaka cha 2007, dipoziti inkakhala m'manja mwa mwini nyumba popanda womuyang'anira, ndipo pa tsiku lotuluka iye yekha ndiye anali wodandaula, mboni ndi woweruza pa mlandu wa iye mwini. Ankati akaloza banga pakhoma, lingakhale linalipo kale mwana wa eni asanalowe, n'kunena kuti penti yake idya dipoziti yonse, wotulukayo analibe kolowera koma kukhoti, kumene anthu ochepa okha ndiwo anali ndi nthawi ndi mtima wopitako chifukwa cha mapaundi mazana angapo. Mabungwe othandiza anthu, makamaka Shelter ndi Citizens Advice, analira zaka zambiri kuti boma lichitepo kanthu, akuloza ku New South Wales, ku Australia, kumene boma linayamba kusungitsa madipoziti ku bungwe lapadera kuyambira mu 1977. Boma linayamba layesa njira yaulemu, yoti eni nyumba alowe mwa kufuna kwawo m'ndondomeko yotere, koma olowamo anachepa, popeza palibe amene afulumira kudzimanga yekha chingwe. Pamenepo ndiye panabadwa lamulo la nyumba la mu 2004, lotchedwa Housing Act, limene ndime zake zokhudza madipoziti zinayamba kugwira ntchito pa 6 Epulo 2007 ku England ndi ku Wales.

Zimene lamuloli lifuna kwa mwini nyumba n'ziwiri, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuchitika pasanathe masiku 30 chilandirire ndalamayo. Choyamba, aiike dipoziti pansi pa limodzi la mabungwe atatu ovomerezedwa ndi boma, amene maina awo ndi Deposit Protection Service, MyDeposits ndi Tenancy Deposit Scheme. Angathe kupereka ndalama yeniyeniyo kuti bungwe liisunge, ndipo njira imeneyi ndi yaulere, pakuti bungwelo lidziyendetsa ndi chiwongoladzanja cha ndalama zosungidwazo. Kapena angathe kukhala nayo yekha koma n'kulipira inshuwalansi ku bungwelo, kuti iye akadzakana kubweza, bungwe lidzalipire wochita lendi ndi kukamutsata iye pambuyo pake. Chachiwiri, apatse wochita lendi chikalata chofotokoza kuchuluka kwa dipoziti, bungwe limene laiteteza ndi m'mene angalipezere, zifukwa zimene ndalamayo ingadulidwire, m'mene adzailandirire potuluka, ndi kumene angapite ngati sagwirizana. Anthu ambiri apeputsa chachiwirichi n'kumayesa kuti ndi mwambo chabe wa mapepala; koma khoti la apilo, pa mlandu wina wa mu 2012, linakana maganizo amenewa, ndipo mwini nyumba amene anatetezadi dipoziti koma osapereka mawu onse ofunika, n'kumadziwiringula kuti wochita lendi akanatha kudzifufuzira yekha pa intaneti, analamulidwa kulipa katatu.

Kuyambira pa 1 Juni 2019 panaonjezeka lamulo lina, Tenant Fees Act, loika malire pa kukula kwa dipoziti ku England: isapyole lendi ya masabata asanu, kapena asanu ndi limodzi ngati lendi ya pachaka ifika mapaundi 50,000.

Amene anakulira m'Sande sukulu sadzadabwa ndi mtima wa malamulo amenewa, pakuti chilamulo cha Mose, m'buku la Eksodo ndi la Deuteronomo, chinaikira malire munthu wolandira chikole zaka zikwi zapitazo: chofunda cha mmphawi sichinaloledwe kugona m'nyumba ya wokongoza, mphero yoperera ufa sinaloledwe konse kukhala chikole, ndipo wokongozayo analetsedwa kulowa m'nyumba ya mnzake kukadzisankhira chimene afuna. Akale aja anaona chimene aphungu a ku Westminster anadzaona mochedwa, kuti pakati pa wopereka chikole ndi wochilandira mphamvu sizilingana, ndi kuti wamphamvuyo, akasiyidwa yekha ndi chikumbumtima chake, nthawi zina achita chilungamo, koma nthawi zambiri chikumbumtimacho chigonja pamaso pa ndalama imene ili kale m'thumba.

Tsono tibwere ku chipukuta misozi chenichenicho. Ndime 214 ya lamulo lija ipatsa wochita lendi ufulu wokasuma ku khoti la m'dera lake, ndipo woweruza akapeza kuti dipoziti sinatetezedwe m'masiku 30 aja, kapena kuti chikalata chija sichinaperekedwe, ayenera kulamula mwini nyumba kulipa ndalama yosachepera kukula kwa dipozitiyo ndi yosapyola katatu kake, pasanathe masiku 14. Ndipo zimenezi n'zapadera, sizilowa m'malo mwa dipoziti imene iyenera kubwezedwa kapena kukasungitsidwa ku bungwe. Tiyerekeze munthu wolipira mapaundi 650 pamwezi, ndiwo mapaundi 150 pasabata, amene anapereka dipoziti ya masabata asanu, mapaundi 750. Mwini nyumba wake akapezeka wolakwa, adzalipa pakati pa mapaundi 750 ndi mapaundi 2,250, pamwamba pa mapaundi 750 a dipoziti aja. Wosumayo safunika kuonetsa kuti anataya kanthu kapena kuti anavutika. Kulakwira lamuloko pakokha n'kokwanira. Ngakhale munthu wina amene anamulipirira dipoziti, kaya kholo kaya mbale, ali nawo ufulu womwewo. Ndipo mwini nyumba sangathe kubisala kumbuyo kwa ejenti wake n'kumati, "Ndinasiya zonse m'manja mwa a ofesi," pakuti udindo ukhalabe pa iye.

Koma lamuloli silinafike pamenepa tsiku limodzi, ndipo mbiri ya zaka zake zoyambirira ili ndi phunziro kwa aliyense wokonda chilungamo. Poyamba nthawi inali masiku 14, ndipo chilango chinali chimodzi chokha, katatu, popanda woweruza kuchepetsako. Oweruza ena anachiona chilangochi kukhala cholemera kwambiri pa munthu amene anangochedwa, ndipo mu 2010, pa mlandu wokhudza kampani ya Vision Enterprises, khoti la apilo linagamula kuti mwini nyumba akateteza dipoziti nthawi ina iliyonse tsiku la mlandu lisanafike, palibenso chilango. Chaka chotsatira, mu 2011, pa mlandu wa kampani ya Gladehurst, khoti lomwelo linagamula kuti munthu amene watuluka kale m'nyumba sangasumenso. Taonani tsono m'mene zigamulo ziwirizi zinatsekera makomo onse awiri: uli m'nyumba, ukasuma, mwini nyumba athamangira ku bungwe dzulo lake la mlandu n'kupulumuka, ukadikira kuti utuluke kaye, monga achitira aliyense woopa kuthamangitsidwa, upeza khoti lakutsekera. Lamulo linatsala la papepala pokha. Nyumba ya Malamulo inaona ichi, ndipo mwa lamulo la Localism Act la mu 2011, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 Epulo 2012, inakonza zonse pamodzi: inatalikitsa nthawi kufika masiku 30, inapatsa woweruza ufulu wosankha pakati pa kamodzi ndi katatu, inanenetsa kuti kuteteza mochedwa sikufafaniza mlandu, ndipo inatsekulira khomo iwo amene anatuluka kale. Panabukanso chisokonezo china mu 2013, pa mlandu wa kampani ya Superstrike, pa funso lakuti mgwirizano wa lendi ukatha n'kuyamba kuyenda mwezi ndi mwezi, dipoziti iyesedwe yolandiridwa mwatsopano kapena ayi. Ichi chinakonzedwa ndi lamulo lina mu 2015, lakuti amene anachita zonse bwino pachiyambi safunika kubwereza.

Posankha pakati pa kamodzi ndi katatu, woweruza ayang'ana kukula kwa kulakwa kwa mwini nyumba. Mayi wokalamba amene ali ndi nyumba imodzi yokha yosiyiridwa ndi malemu mwamuna wake, amene anachedwa masiku ochepa ndi kukonza yekha atangozindikira, adzakhala kumunsi kwa muyeso. Koma munthu wa nyumba makumi, amene lendi ndiyo ntchito yake, amene analemberedwa kalata n'kuinyoza, kapena ananama kuti anateteza pamene sanatero, adzakhala kumtunda. Chimene woweruza sangathe, ngakhale atamva chisoni chotani, ndicho kutsika pansi pa kamodzi.

Pali chida china chimene lamuloli linapatsa wochita lendi, ndipo kwa mabanja ambiri chinali chamtengo kuposa ndalama. Kwa zaka zambiri, mwini nyumba ku England ankatha kutulutsa munthu popanda kutchula chifukwa, pongomupatsa notisi ya miyezi iwiri, imene anthu ankaitcha section 21 potengera ndime ya lamulo la mu 1988; koma amene sanateteze dipoziti m'nthawi yake ankapeza kuti notisi yakeyo ilibe mphamvu kufikira atabweza ndalamayo, ndipo mabanja ambiri anapulumuka kugona panja chifukwa cha mfundo imeneyi. Lamulo latsopano la Renters' Rights Act, limene linavomerezedwa mu Okutobala 2025, lithetseratu kutulutsa kopanda chifukwa kumeneku, ndipo boma linaika 1 Meyi 2026 kukhala tsiku loyambira. Komabe mfundo ya dipoziti yasungidwa, kotero kuti pa zifukwa zambiri zotulutsira munthu, khoti silidzamvera mwini nyumba amene nkhani ya dipoziti sanaikonze.

Ndafika tsopano pa chimene chindilemera mtima. Mwa anthu athu muli ulemu umene tinayamwira, wakuti mlendo sakweza mawu pakhomo pa eni, ndi kuti kutengera munthu ku khoti n'kumuda; ndipo ndamva ena akufunsa ndi mtima woona kuti, "Kodi si umbombo kufuna ndalama kwa munthu amene anandisunga bwino, pamene ine sindinataye kanthu?" Funsoli n'lolemekezeka, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Yankho langa ndi ili: palibe wapolisi, palibe mlembi wa boma, amene ayenda khomo ndi khomo ku England kufunsa ngati madipoziti atetezedwa, Nyumba ya Malamulo inaika ndodo ya lamuloli m'dzanja la wochita lendi yekha, ndipo iye akaisiya pansi palibe wina woitola. Chipukuta misozi chimenechi sichinaikidwe kuti chilemeretse munthu, koma kuti mwini nyumba aliyense adziwe kuti kunyozera kuli ndi mtengo wake. Ndipo mwini nyumba amene wasunga m'thumba mwake dipoziti ya inu lero, anasunganso ya amene anakhalamo inu musanabwere, ndipo adzasunga ya amene adzalowa inu mutachoka, amene mwina adzakhala mwana wa kwathu komwe, wongofika kumene, wosadziwa kolowera. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindibisa kuti apa ndi pamene ndiona kufooka kwa lamuloli, pakuti lasenzetsa katundu wa kulondera chilungamo pa phewa la iye amene ali wofooka koposa pa awiriwo, amene agwira ntchito usiku wonse m'nyumba ya okalamba ndipo alibe loya. Kukanakhala bwino makhonsolo akanapatsidwa gawo lalikulu pa ntchitoyi. Koma kufikira zitatero, chete wa wolakwiridwa ndiye chitetezo cha wolakwa.

Sindikunena kuti aliyense ayenera kusuma. Amene aona kuti mwini nyumba wake analakwa mosadziwa, nam'chitira zokoma m'zinthu zina zonse, angathe kumukhululukira, ndipo achita bwino. Koma akhululuke akudziwa chimene akusiya, osati chifukwa cha umbuli kapena mantha. Ndipo za mantha, tinene poyera: mlandu wotere ndi wa pakati pa anthu awiri pa nkhani ya ndalama, ndipo munthu wokhala m'dzikolo mwalamulo sataya chitupa chake chifukwa chofuna zimene lamulo lamupatsa, ngakhale eni nyumba ena oipa mtima aopseza choncho. Pamene mantha ali ndi maziko ndi pamene mwini nyumba alinso bwana wa kuntchito, amene chitupa chako chikoloweka pa dzina lake, monga zichitikira ena ogwira ntchito yosamalira okalamba amene nyumba anapatsidwa ndi owalemba ntchito. Wotereyu asathamange, ayambe wafunsa nzeru kwa a Shelter kapena a Citizens Advice, amene thandizo lawo ndi laulere, ndipo akumbukire kuti lamulo limupatsa zaka zisanu ndi chimodzi, kuwerengera tsiku limene mwini nyumba analakwira, kuti akasume. Mlandu suwola. Angathe kupeza kaye ntchito ina ndi nyumba ina, n'kudzaitsata nkhaniyo ali pamalo otakasuka.

Woganiza zotsata nkhaniyi ayambe ndi kutsimikiza, pakuti si bwino kuneneza munthu pa chinthu chimene sunachione. Mabungwe atatu aja ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu alembapo dzina la bambo ake, nambala ya keyala ya nyumbayo, tsiku limene analowa ndi kuchuluka kwa dipoziti, n'kuona ngati ilipo. Afufuze konse kutatu, ndipo apemphe bungwe lililonse limuyankhe molemba, pakuti yankho limenelo ndilo umboni wake. Ngati ipezeka, ayang'anitsitse tsiku limene inatetezedwa n'kuliyerekeza ndi tsiku limene anapereka ndalama. Asonkhanitse kalata ya mgwirizano wa lendi, lisiti kapena chikalata cha kubanki, ndi mauthenga onse a pafoni amene analemberana ndi mwini nyumba. Akatero alembe kalata, yaulemu koma yosazungulira, yonena tsiku limene anapereka dipoziti, chimene lamulo lifuna, chimene sichinachitike, ndalama imene akupempha, ndi masiku amene akupereka asanapite ku khoti, amene kawirikawiri akhala 14. Makhoti a kumeneko ayembekeza kuti kalata yotere iyambe yalembedwa, ndipo nkhani zambiri zithera pomwepo, chifukwa mwini nyumba wanzeru akafunsa kwa loya wake auzidwa kuti pa mlandu wotere podzitchinjiriza n'pochepa. Akagwirizana, alembe pansi zimene agwirizanazo, ndipo wochita lendi awerenge bwino asanasaine, kuti angasiye ufulu wina umene sanafune kuusiya.

Kalata ikapanda kuyankhidwa, njira ndi ya ku khoti, mwa fomu yotchedwa N208, ndipo pali ndalama yolipira posuma, imene opeza zochepa angathe kuchotseredwa kapena kuchepetseredwa, ndi imene wopambana aibwezeredwa ndi wogonja. Pano ndichenjeze, pakuti walira mvula walira matope. Wosuma amene ali ndi ngongole ya lendi, kapena amene anasiyadi nyumba itaonongeka, ayembekeze kuti mwini nyumba adzam'bwezera mlandu wake pa tsiku lomwelo, ndipo woweruza adzachotsera ichi pa icho, kotero kuti munthu angathe kupambana pa dipoziti koma n'kutuluka m'khoti ali wangongole. Wosuma molakwa, pa dipoziti imene inatetezedwa bwino, angathe kulamulidwa kulipira loya wa mnzakeyo. Palinso makampani a maloya amene adzaza intaneti ndi malonjezo akuti adzasuma m'malo mwako ndipo sulipira kanthu ukagonja. Ena a iwo agwira ntchito yoona, koma onse atapako gawo lawo pa ndalama yopambanayo, ndipo munthu afunse gawolo ndi lalikulu bwanji asanaike dzina lake papepala. Ndipo chigamulo cha khoti si ndalama m'manja: mwini nyumba wouma mutu angafunikenso kum'tumizira akapitawo a khoti.

Tisasokoneze nkhani imeneyi ndi inzake yofanana nayo, ya mwini nyumba amene anateteza dipoziti bwinobwino koma potuluka afuna kudulapo zambiri. Imeneyo sifuna khoti. Bungwe losunga lija lili ndi oweruza ake, amene aona mapepala ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri kwaulere, ndipo popeza ndalamayo ndi ya wochita lendi, mwini nyumba ndiye ayenera kuonetsa umboni wa chimene akudulira. Kutha kwa zinthu mwa kugwiritsidwa ntchito, monga kapeti kuperepeseka poyenda anthu, sikulipitsidwa. Mikangano yambiri ya mtundu umenewu ikhala ya ukhondo wa nyumba, ndipo apambana ndi amene anajambula zithunzi za chipinda chilichonse, uvuni ndi bafa lomwe, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Awiriwo akagwirizana za ndalama yobwezedwa, iyenera kufika pasanathe masiku 10.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo lonseli silifika pamalo pamene ambiri a abale athu ayambira. Munthu wongofika kawirikawiri sapeza nyumba kwa ejenti, popeza alibe mbiri ya kubanki ya kumeneko kapena womuimira. Chotero alowa m'chipinda cha m'nyumba ya mnzake wa kumpingo kapena wa kumudzi, n'kumaphika naye pa chitofu chimodzi. Wokhala pamodzi ndi mwini nyumba chotere, amene kumeneko amutcha lodger, dipoziti yake sikakamizidwa kutetezedwa, ndipo chipukuta misozi chija sichimukhudza. Chotsala kwa iye ndi kukasuma monga pa ngongole wamba ngati ndalama yake yakanizidwa. Ndipo apa ndi pamene zinthu zivuta koposa, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka: amene wagwira ndalama yako ndi yemwe anakulandira pabwalo la ndege, ndipo mudzaonana Lamulungu kutchalitchi. Kwa otere ndingoti, musachite manyazi kupempha kakalata kosainidwa ndi nonse awiri, konena ndalama imene yaperekedwa ndi zimene ingadulidwire, ndipo mupereke kudzera kubanki, osati pamanja. Ubale weniweni suphwanyika ndi lisiti. Koma ngati mwini nyumbayo sakhala m'nyumbamo, ngakhale muli anthu asanu osadziwana, aliyense ndi chipinda chake, kawirikawiri lamulo lija ligwira ntchito pa inu, ngakhale iye atalemba dzina lina pamwamba pa kalata ya mgwirizano, pakuti khoti liyang'ana m'mene anthu akhalira, osati dzina limene lapatsidwa.

Ku Wales malamulo a lendi anakonzedwanso mwapadera kuyambira mu Disembala 2022, koma masiku 30 ndi chilango cha kamodzi kufikira katatu zilipobe monga ku England. Okhala ku Scotland, kumene ana a Malawi ali ambiri ku Glasgow ndi ku Edinburgh chifukwa cha ubale wakale wa maiko awiriwa, adziwe kuti kumeneko kuli malamulo akeake, a mu 2011. Dipoziti ingafike lendi ya miyezi iwiri; mwini nyumba ali ndi masiku 30 ogwira ntchito, kuwerengera tsiku limene lendi inayamba; ndipo ndalama yeniyeniyo iyenera kuchoka m'manja mwake kupita ku limodzi la mabungwe atatu a kumeneko, SafeDeposits Scotland, Letting Protection Service Scotland kapena mydeposits Scotland, popeza njira ya inshuwalansi ija kulibe. Wodandaula sapita ku khoti wamba, koma ku bwalo lapadera loona za nyumba, lotchedwa First-tier Tribunal, kumene salipira kanthu posuma, ndipo bwalolo lingalamule ndalama yofika katatu kukula kwa dipoziti. Pa zimenezi Scotland yapeputsira wosauka njira kuposa England. Koma pa chinthu chimodzi ndi youma kwambiri, ndipo amene anamva za zaka zisanu ndi chimodzi kwa mbale wake wa ku Leeds angapusitsike nazo: ku Scotland dandaulo liyenera kufika ku bwalo pasanathe miyezi itatu chithere lendi, ndipo amene wachedwa, ngakhale umboni wake utakwana chotani, samvedwanso.